Tsiku la kacipatso kofiira

Ana inu, khalani pansi mumvetsere. Nanunso amayi ndi abambo, agogo ndi amalume, senderani pafupi. Nkhaniyi ndi yanunso.

Kutali kwambiri, kutsidya kwa nyanja yaikulu yamcere, kuli dziko la America. M'dzikomo muli cilumba cina, dzina lake Martha's Vineyard. Kumapeto kwa cilumbaco kuli mudzi wa Aquinnah. M'mudzimo mumakhala anthu a mtundu wa Wampanoag. Iwowa ndi eni nthaka. Makolo awo anali pomwepo kalekale, azungu asanafike ndi zombo zawo.

Caka ciliconse m'mwezi wa Okutobala kumacitika cinthu cina. Laciwiri loyamba la mweziwo limapita. Likafika Laciwiri lotsatira, ana a Wampanoag sapita kusukulu. Sikuti adwala. Sikuti athawa. Aphunzitsi amadziwa, ndipo amalola. Anawo amatenga madengu. Amapita kudambo pamodzi ndi makolo awo. Amakathyola kacipatso kakang'ono, kofiira, kowawasa kwambiri.

Kodi ndi bwino mwana kutseka buku tsiku lathunthu cifukwa ca kacipatso? Ine ndikuti ndi bwino. Sukulu ndimaikonda, ndipo mwana wojomba amandimvetsa cisoni. Koma pa tsiku ili lokha, ndili kumbali ya anthu a ku Aquinnah. Ndikuuzani cifukwa cake. Poyamba tiyeni tikadziwe kacipatsoko.

Kamtengo kosatalika

M'Cingerezi dzina lake ndi cranberry. M'Cipwitikizi amati arando, ena amati oxicoco. Ku Finland amati karpalo. Ku Russia amati klyukva. A Wampanoag amati sasumuneash. Maina ndi ambiri cifukwa kacipatsoka kamamera m'maiko ambiri. Ambiri mwa iwo ndi maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene kumazizira koopsa. Kuno kwathu sikamera.

Mukamva kuti mtengo wa zipatso, mumaganiza za mango. Mumaganiza zokwera, kapena zogenda ndi mwala. Koma kamtengo aka simungakwere. Ndi kakafupi kwambiri. Sikafika ngakhale m'maondo mwanu. Kamayanga pansi monga mbatata, koma nthambi zake ndi zowonda ngati ulusi ndiponso zolimba. Masamba ake ndi aang'ono, pafupifupi ngati njere za mpunga. Masambawo sagwa m'nyengo yozizira. Amakhala pomwepo caka conse.

Pali mitundu iwiri yodziwika. Wina uli ndi zipatso zazing'ono ngati nandolo. Umenewu umapezeka ku Finland, ku Sweden, ku Russia ndi ku Canada. Wina uli ndi zipatso zokulirapo, ngati nzama. Umenewu kwawo ndi ku America ndi ku Canada, ndipo ndi umene ana a ku Aquinnah amathyola.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno timafunda mabulangete. Kumeneko ndiye kumakhala kotentha. Nthawi imeneyo kamtengoka kamacita maluwa ofiira pang'ono. Duwa lake ndi loseketsa. Limawerama pa kaphesi kopindika, ndipo kutsogolo kwake kuli kanthu kosongoka ngati mulomo wa mbalame. M'madambo amenewo mumayenda mbalame ina ya khosi lalitali ndi miyendo yaitali. Imafanana ndi kakowa, koma ndi yaikulu kwambiri ndipo ndi yotuwa. M'Cingerezi dzina lake ndi crane. Anthu anaona duwa lija, anaonanso mbalame ija, nati: izi zikufanana! Dzina lakuti cranberry linacokera pamenepo. Nakonso ku Sweden amati tranbär, kutanthauza cipatso ca mbalame yomweyo.

Njuci zimabwera pamaluwawo. Popanda njuci zipatso zimakhala zocepa. Kacipatsoka kamayamba kobiriwira, kenaka kamayera, kenaka kamafiira. Kamapsa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Kuno imeneyo ndi nthawi ya dzuwa loswa mtengo, pamene tikudikira mvula. Kumeneko ndi nthawi imene masamba a mitengo akugwa ndipo cisanu cayamba.

Mukakadula pakati, muona timapanga tinayi. M'timapangamo muli mpweya ndi tinjere tating'ono. Cifukwa ca mpweyawo, kacipatsoka sikamira m'madzi. Kamayandama. Ndipo mukakagwetsa pa thabwa, kamadumpha ngati mpira. Kabwino kamadumpha. Kowola sikadumpha, kamangoti phwa! Kumbukirani mpweya umenewu, tiupezanso kutsogoloku.

Nanga kukoma kwake? Munadyapo bwemba? Munaseteka mandimu? Ndi momwemo, ndipo mwina kuposa. Mwana akaluma kamodzi, nkhope yonse imakwinyika.

Dambo losauma

Madambo athu ambiri amadzala madzi m'dzinja, ndipo m'cilimwe amauma pamwamba. Ng'ombe zimayendamo. Dambo la kacipatsoka ndi lina. Limakhala lonyowa caka conse. Pamwamba pake pamamera ndere zofewa ngati thonje. Nderezo zimamwa madzi ambiri ndi kuwasunga. Ukaponda, phazi limalowa, madzi amatuluka. Pena dambo lonse limagwedezeka ngati mphasa yoyalidwa pamadzi.

Ndere zikafa siziwola msanga, cifukwa kumazizira ndipo pansi pamadzi mpweya ndi wocepa. Zatsopano zimamera pamwamba pa zakufa. Zakufazo zimaunjikana, ndi kusanduka dothi lakuda lofewa. Dothi limeneli limakula pang'onopang'ono zedi. Pa caka cathunthu limakwera ngati milimita 1, monga kanjere kamodzi ka mawere. Kuti lifike mita 1, pafupifupi msinkhu wanu ana inu, pamafunika zaka ngati 1000. Taganizani. Agogo a agogo a agogo anu anali asanabadwe.

Madzi a m'dambomo ndi owawasa, ndipo muli cakudya ca zomera cocepa. Mutabzalamo cimanga, cingafe. Mutabzalamo nyemba, zingafe. Koma kamtengo kathu kaja kamakondwa momwemo. Kali ndi mnzake wokathandiza. Kumizu yake kumakhala tibowa tating'ono tosaoneka ndi maso. Tibowato timakapezera cakudya m'dothi losaukalo, ndipo kamtengoko kamatigawira shuga wocokera m'masamba ake.

M'nyengo yotentha m'dambomo mumakhala udzudzu wambiri. Simungamangemo nyumba. Simungadutsemo ndi ngolo. Munthu wongodutsa m'mbali angathe kunena kuti: malo awa ndi opanda nchito. Mawu amenewa ndi amene ndikutsutsana nawo.

Nchito zake

A Wampanoag ndi alimi a cimanga, nyemba ndi maungu, monga ife. Kalekale ankathyola kacipatsoka ndi kukayanika. M'nyengo yozizira, pamene kumunda kulibe kanthu, ankakaika m'phala la cimanga. Mitundu ina ya kumpoto inkasinja nyama yofutsa pamodzi ndi mafuta ndi zipatso zouma. Nthawi zina zipatsozo zinali cranberry. Ameneyo anali kamba wa paulendo, ndipo ankakhala miyezi osaonongeka. Madzi ake ofiira ankanyikamo zofunda ndi mphasa kuti zikongole. Ena ankasinja zipatsozo ndi kumata pabala.

Cinthu cimene ine cimandidabwitsa ndi ici: kacipatsoka sikawola msanga. Mango akapsa, pakapita masiku ocepa awola. Koma cranberry ali ndi khungu lolimba, ndipo kuwawasa kwake kuja kumaletsa nkhungu. Ku Russia ndi ku Finland amayi amathira zipatsozi mumtsuko kapena mumgolo. Amathiramo madzi ozizira okha, opanda mcere, opanda moto. Amaika pamalo ozizira. Zipatsozo zimakhala bwino mpaka nyengo yozizira itatha.

Mvetsani bwino kufunika kwake. Kumeneko nyengo yozizira ndi yaitali. Kumpoto kwenikweni imatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Kucokera kumwamba kumagwa madzi oundana, oyera ngati ufa, ndipo amakwirira minda yonse. Mitsinje imauma gwa ngati mwala. Kulibe ndiwo zamasamba, kulibe cipatso pamtengo. Masiku ano kuli masitolo ndi magalimoto obweretsa zakudya kucokera kutali. Kale kunalibe. Munthu akakhala miyezi yambiri osadya masamba kapena zipatso, amadwala. Nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi. Mano amagwedera. Thupi limafooka. Matendawa amabwera cifukwa cosowa vitamini C. M'kacipatso kowawasaka muli vitamini ameneyu. N'cifukwa cake amalinyero a ku America, pokwera zombo za maulendo aatali, ankanyamula migolo ya cranberry.

Ku Russia amafinya zipatsozi, ndi kusakaniza madzi ake ndi madzi akumwa ndi uci kapena shuga. Cakumwa cimeneci amati mors. Mwana akatentha thupi, amayi ake amam'patsa kuti amwe. Amaphikanso phala lofiira lotsekemera lochedwa kisel. Posunga kabici mumcere, amaponyamo zipatso zingapo. Ku Finland amadya zipatso zozizira kwambiri atazithira msuzi wotentha wa shuga ndi mkaka. Ku America amaziphika ndi shuga, ndi kudyera nyama ya nkhukundembo pa phwando la m'mwezi wa Novembala.

Makolo, pano pali mawu anu. Mwina munamvapo kuti madzi a cranberry ndi mankhwala a cikhodzodzo. Mu 2023 akatswiri a bungwe la Cochrane anaunika kafukufuku 50 pa nkhaniyi. Anapeza kuti amathandiza anthu ena, makamaka amayi amene matenda a njira ya mkodzo amawabwererabwerera, kuti asadwalenso kawirikawiri. Koma saciritsa munthu amene wadwala kale. Wodwala apite kucipatala. Ndiponso zipatso zouma ndi madzi a m'mabotolo a m'sitolo amathiramo shuga wambiri, pobisa kuwawasa kuja. Musataye ndalama poganiza kuti mwagula mankhwala. Vitamini C ali m'malambe, m'magwafa ndi m'masau athu omwewa.

Munthu amene anayang'ana mcenga

Kwa zaka zambirimbiri palibe amene ankabzala kamtengoka. Kankamera kokha. Tsono ca m'ma 1816 kunali bambo wina, dzina lake Henry Hall. Ankakhala m'mudzi wa Dennis, m'dera la Massachusetts, kufupi ndi nyanja. Iye anaona kuti mphepo ikauluza mcenga ndi kuuthira pa timitengoti, timakula bwino ndi kubala zambiri. Anayamba kuthira mcenga yekha. Anzake anatengera. Umu ndi mmene ulimi wa cranberry unayambira. Mpaka lero alimi amathira mcenga m'minda yawo pakapita zaka zingapo. M'dera lomwelo muli timitengo tina timene tabala zaka zoposa 100.

Lero minda yake ndi yaikulu. Yambiri ili ku Wisconsin, kumene kumacokera zipatso zoposa theka la zonse za dziko la America. Ina ili ku Massachusetts, ina ku Québec m'dziko la Canada.

Mukukumbukira mpweya uja? Kuyambira zaka za m'ma 1960 alimi ambiri amakolola motere. Zipatso zikapsa, amatsegulira madzi m'munda mpaka timitengo tonse tamira. Amayendetsamo makina opuntha nthambi. Zipatso zimathothoka, ndipo zimayandama. Munda wonse umasanduka thamanda lofiira psuu. Anthu amalowamo atavala nsapato zazitali zofika m'cifuwa, ndi kukankhira zipatso kumbali imodzi. Anthu ena akaona zithunzi zake amaganiza kuti cranberry amamera pansi pa madzi. Ayi. Madziwo ndi a pokolola, ndi a poteteza timitengo ku cisanu.

Ulimi umenewu sindiunyoza. Umapatsa anthu nchito. Umadyetsa anthu ambiri kuposa dambo la kuthengo. Koma taonani zinthu ziwiri. Coyamba, mbewu zonse za m'mindamo makolo ake anali a kuthengo. Bambo Hall sanapange kamtengo. Anangoyang'anitsitsa zimene dambo ndi mphepo zinkacita kale. Caciwiri, munda uli ndi mwini wake. Mwana wa munthu wosauka sangalowemo ndi dengu lake. Dambo la ku Aquinnah ndi la mtundu wonse. Mwana aliyense wa mtunduwo ali ndi gawo lake.

Ku Finland ndiye anapitirira pamenepo. Kumeneko lamulo limalola munthu aliyense kuthyola zipatso za kuthengo m'nkhalango ndi m'madambo, ngakhale malowo ali a munthu wina. Sapempha cilolezo. Cacikulu asalowe pabwalo la nyumba ya mwini kapena m'munda wolimidwa, ndipo asaononge kanthu. Agogo wopanda munda angathe kudzaza cidebe cake. Akagulitsa zimene wathyola yekha, boma silim'dula msonkho.

Ngalande za ku Finland

Koma ku Finland komweko kunacitika cinthu cina cimene tiyenera kumva.

Dzikolo linali ndi madambo ambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lonse. Nkhondo yaikulu itatha mu 1945, anthu anali pamavuto. Cuma cawo cacikulu cinali matabwa ndi mapepala. Akuluakulu anayang'ana madambo aja nati: pano pangamere mitengo. Anakumba ngalande kuti madzi acoke. Anakumba kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndi makina aakulu. Pomaliza, madambo oposa theka anali ndi ngalande.

Anthuwa sanali opusa, ndipo sanali oipa mtima. Ankafuna nchito ndi cakudya ca ana awo. M'malo ambiri mitengo inakuladi, ndipo matabwa anapezeka. Izi ndi zoona, sindingazibise.

Koma m'malo ena dothi lija linali losauka kwambiri. Mitengo sinakule. Dambo linauma, nkhalango osaoneka. Ndere zinafota. Kacipatso kofiira kanacepa, cifukwa sikakhala pouma kapena pamthunzi. Mbalame za m'dambo zinasowa pokhala. Madzi akuda a m'ngalande anatsikira m'mitsinje ndi m'nyanja zawo. Lero anthu a ku Finland akukwirira zina mwa ngalandezo kuti madzi abwerere. Madzi amabwerera msanga. Koma dothi lija, kumbukirani, limakwera kanjere kamodzi ka mawere pa caka. Kukumba ngalande ndi nchito ya masiku ocepa. Kubweza dambo ndi nchito imene woyamba sadzaona mapeto ake.

Cifukwa cake ndili kumbali ya anawo

Tsopano tibwerere ku Aquinnah. Pa tsiku lija mabanja amakumana kudambo, pakati pa milu ya mcenga kufupi ndi nyanja. Amagwada ndi kuthyola. Masana amasonkha moto, amadya pamodzi, ndipo akuluakulu amafotokoza nkhani zakale. Madzulo kumakhala cakudya ca mudzi wonse, ng'oma ndi kuvina. Kale nchitoyi inkatenga masiku angapo, ndipo zipatso ankazitutira pa ngolo za ng'ombe. Lero zipatso za m'sitolo zilipo, zosavuta kugula. Palibe amene angafe ndi njala atapanda kupita. Komabe amapita.

Ine ndikuona motere. Tsiku lina kudzabwera munthu ndi pepala m'manja. Adzati: dambo ili ndi lopanda nchito, tikwirire, timangepo nyumba, tidutsitsepo msewu. Munthu wotere amabwera kulikonse, ndipo nthawi zina mfundo zake zimakhala zomveka. Tsono ndani adzaimirira ndi kunena kuti: taimani kaye, tiyeze bwino? Si munthu amene anangowerenga za dambo m'buku. Ndi munthu amene anagwadapo pa ndere zonyowa ali mwana. Amene maondo ake ananyowa. Amene analuma kacipatso kowawasa, agogo ake ndi kumuseka. Ameneyo amadziwa kuti m'dambomo muli kanthu.

Pali nzeru zina zimene bolodi ndi coko sizingaphunzitse. Kodi phazi uponde pati kuti usamire? Kodi cakupsa ndi citi? Kodi uthyola bwanji osazula kamtengo? Pakuti ukazula, caka camawa udzapeza ciyani? Ndiponso si kacipatso kalikonse kofiira kamene kamadyedwa. Kumpoto kuja kuli zipatso zina zofiira zakupha, monganso kuno kwathu. Mwana sangasiyanitse yekha. Ayenera kuima pambali pa wamkulu, ndi kuona cala ca wamkuluyo cikuloza. Agogo akapita osalozera mdzukulu, nzeruyo yapita nawo.

Wina anganditsutse. Angati: mukuphunzitsa ana kujomba. Lero ndi kacipatso, mawa ndi kubusa mbuzi, mkuja ndi kumsika. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo ndikuwamva. Makolo, musandimve molakwa. Caka cili ndi masiku 365. Ku Aquinnah ndi tsiku limodzi lokha. Ndi lodziwika kale. Sukulu ndi makolo anagwirizana. Lacitatu m'mawa anawo amakhala ali m'kalasi. Izi ndi zosiyana ndi kusunga mwana pakhomo sabata yathunthu kuti alere mng'ono wake, kapena kuti apirikitse mbalame kumunda. Pamenepo mwana amataya. Anzake aphunzira zilembo zisanu, iye alibe ndi cimodzi comwe. Zimenezo sindizivomereza.

Wina angatinso: anthu a ku America ndi okhuta, n'cifukwa cake amasiya dambo cabe. Ife tikapanda kulima dimba, tidya ciyani? Naponso pali zoona. Dimba limatipatsa mpiru, matimati ndi cimanga caciwisi pa nthawi yovuta. Sindikuti tileke. Ndikungoti, tisanakumbe ngalande pakati penipeni pa dambo, pamene pamatumphuka madzi, tikumbukire anzathu a ku Finland. Tifunse kaye akuluakulu kuti pamenepo pamamera ciyani, ndipo citsime ca kumunsi cimamwa kuti.

Cranberry kuno kulibe. Koma zipatso zosabzala ndi munthu ziliko. Kucigwa ca Zambezi kuli masau, amene amayi amayanika ndi kugulitsa m'misika ya ku Tete. Kumapiri kuli masuku, amene amapsa pamene nkhokwe zayamba kupepuka. Kuli maula, nthudza, matowo ndi mateme. Ana inu, mukudziwapo zingati? Tawerengani pa zala. Tsono funsani agogo kuti iwo akudziwa zingati. Muona kuti zala zawo sizikwanira. Ife sitifunika kutseka sukulu. Loweruka lilipo. Mukapita, mupite ndi wamkulu, ndipo musaike mkamwa cipatso cimene iye sanakulozereni.

Pansi pa madzi oundana

Anthu akathyola ndi kupita kwawo, m'dambomo mumatsala zipatso zambiri. Palibe amene angathe kuzitola zonse. Zina zimadyedwa ndi mbalame. Zina zimadyedwa ndi mbewa. Cimbalangondo naco cimadya, cisanapite kukagona tulo take ta miyezi yambiri.

Kenaka ku Finland ndi ku Russia madzi oundana oyera aja amagwa ndi kukwirira dambo lonse. Mbalame za khosi lalitali zija zimakhala zitathawa kale. Zimauluka ulendo wautali kupita kofunda. Zina zimaima ku Spain. Zina zimafika muno mu Africa, mpaka ku Ethiopia.

Pansi pa madzi oundanawo tizipatso totsala timakhala cete, tili pa nthambi zake. Sitiwola. Timadikira miyezi yonse ya cisanu. M'mwezi wa Epulo kapena Meyi dzuwa limayamba kutentha, ndipo madzi oundana amasungunuka. Tizipatso tija timaonekanso, tofiira pa ndere zonyowa. Tsopano ndi tofewa, ndipo cisanu cacepetsako kuwawasa kwake. Anthu ena amakonda timeneti kuposa ta mu Okutobala, ndipo amavala nsapato zazitali kupita kukatitola.

Nthawi yomweyo mbalame zija zimabwerera, zotopa ndi zanjala. M'minda mulibe kanthu. Udzu sunaphuke. Zimatera m'dambo, zimayenda pang'onopang'ono ndi miyendo yake yaitali, ndi kutola tizipatso ta caka catha, kamodzi kamodzi.